Zitini Zinai za Mphunzitsi

Ku Zomba kuli mudzi wa Chikanda, kumene ophunzira ambiri a pa Yunivesite ya Malaŵi amakhala m'nyumba za lendi. Kumeneko kunali mphunzitsi wina amene anabwerera ku sukulu kukafuna digiri yaciŵiri, ndiyo imene munthu amaphunzira atatsiriza yoyamba. Mkazi ndi ana anawasiya kwao ku Ntcheu.

Malipiro akafika, iye anali kuwagaŵa m'zitini zinai: ca nyumba, ca cakudya, ca sukulu ndi ca kumudzi. Ndiwo zace zinali bonya ndi nyemba. Makala anali kugula mosonkherana ndi anzace aŵiri, naphika mphika umodzi.

Citini cobvuta cinali ca kumudzi. Munthu akhoza kudzimana mafuta ophikira, koma kumana womubala n'kwapatali, makamaka popeza abale amayesa kuti wophunzira kwambiri ndiye mwini cuma.

M'mwezi wa November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100, ndipo mitengo ya zinthu inakwera. Masiku omwewo amai ace anatuma mau: “Mwananga, mvula yayandikira, koma munda ulibe feteleza.”

Usiku umenewo anaŵerenga ndarama zace kaŵiri. Citini ca sukulu anacigwira, nacibwezanso pansi pa kama osatsegula. M'maŵa anagulitsa njinga yace.

“Amai, landirani ya thumba limodzi,” anatero. “Laciŵiri sinditha caka cino.”

Kuyambira pamenepo anali kupita ku sukulu wapansi.