Kanema wa m'makutu

Bambo anga anasiya kuona mu 1989, ine ndili Sitandade 7. Ng'ala inayamba ndi diso lakumanzere, kenaka inalowa lakumanja, mpaka tsiku lina anandifunsa ngati kunja kwacha pamene dzuwa linali paliwombo. Munda wa thonje anausiyira amayi, njinga anapatsa mlamu wawo. Chimene anakana kusiyana nacho ndi wayilesi ya Nzeru yomwe anagula atagulitsa thonje ku ADMARC.

Masiku amenewo dziko lonse linali ndi nyumba imodzi youlutsira mawu, MBC, ndipo wayilesi yakanema kunalibe mpaka 1999. Choncho kwathu ku Mtakataka madzulo tinkasonkhana pakhonde, kuthawa kutentha kwa m'nyumba, n'kumamvera Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa kuti atipirireko usiku umodzi. Pa nthawi ya sewero, bambo sanali munthu wosaona. Tonsefe tinali mumdima umodzi, ndipo iwo ndiwo ankatsogola. Chitseko chikalira, ankadziwa kale amene walowa. Munthu akatsokomola asanayankhe, ankati, "Ameneyo akunama, mumve."

Cha m'ma 1992 pamsika panabwera vidiyo. Munali m'kanyumba ka udzu, mwa mdima ndi thukuta, jenereta ikulira kuseri. Ndinaonamo Bruce Lee, Rambo ndi Chuck Norris, ngakhale Chingerezi chake sindinkamvapo kanthu. Ndikabwerako, bambo ankandiitana. "Iwe, tandiuze zimene waona."

Usiku woyamba ndinalephera. Ndinangoti munthu uja anamenya anzake khumi, nyumba inapsa, basi. Bambo anapukusa mutu.

"Wandiuza mathero, koma sunanditengere kumeneko. Ankayenda bwanji? Pansi panali miyala kapena matope? Asanamenye anapuma motani?"

"Koma bambo, zimenezo ndi zofunika kuona."

"Nanga a Kapalepale unawaonapo? Bwanji umawadziwa?"

Ndinasowa choyankha. Kuyambira pamenepo ndinayamba kupita ku vidiyo ndi makutu. Ndinkasunga kulira kwa nsapato, kukhuluka kwa chitseko chachitsulo, kachetechete amene amagwa mfuti isanalire. Pobwera ndinkasanduka gulu lonse la zisudzo. Mgolo wamadzi unali bingu, zikho ziwiri zinali mapazi a hatchi, ndipo mawu a anthuwo ndinkapeka ndekha m'Chichewa. Nkhalango ya Rambo ndinkaiika m'mapiri amene timakwera popita ku Dedza kudzera ku Golomoti, chifukwa bambo ankawadziwa. Sitima ikamadutsa kupita ku Salima, ndinkaima kaye, kapena kuilowetsa m'nkhanimo. Anansi anayamba kubwera ndi mipando yawo.

Papita zaka zambiri ndisanadziwe kuti zimene tinkachita pakhonde paja ena anazichita kale, ndipo anadya nazo ndalama. Ku America kunali pologalamu yotchedwa Lux Radio Theatre, imene inayamba mu 1934 ndi kutha mu 1955. Eni ake anali a Lever Brothers, opanga sopo wa Lux yemwe uja amayi ankasungira alendo okha. Poyamba ankaulutsa masewero a pabwalo la zisudzo kuchokera ku New York, koma mu 1936 anasamukira ku Hollywood nayamba kutenga mafilimu otchuka n'kuwasandutsa masewero a pawayilesi a ola limodzi. Wotsogolera pologalamuyo mpaka 1945 anali Cecil B. DeMille, katswiri wopanga mafilimu. Kawirikawiri ankaitana akatswiri omwe aja anasewera mufilimumo kuti adzaime pa maikolofoni, anthu akuonerera m'holo. Masewero onse a pologalamuyo anapitirira 900.

Limodzi mwa iwo, limene ndinalimvera pa intaneti, linandigwetsa misozi. Ndi The Wizard of Oz, filimu ya 1939 imene inatchuka chifukwa cha mitundu yake yowala. Pa Khirisimasi ya 1950 anaiulutsa pa wayilesi, Judy Garland akusewera mbali yake yomwe ija. Ndinadzifunsa: kodi mtundu wobiriwira munthu angaumve bwanji? Yankho lake ndi lomwe lija bambo anandiphunzitsa. Mtsikanayo akadabwa ndi mawu ake, womvera amapenta yekha mzindawo, ndipo aliyense amaupenta ndi utoto wa kwawo.

Pologalamu ija inafa mabanja a ku America atagula mawayilesi akanema. Yathunso inafa chimodzimodzi, ndipo amene anaipha ndine. Mu 2003, nditayamba ntchito ku Lilongwe, ndinagula sikirini, deki ndi batire lagalimoto n'kupita nazo kumudzi. Ndinkayesa kuti ndabweretsa chitukuko. Usiku umenewo nyumba inadzaza, ana anakhala mpaka pawindo. Anthu ankaseka, ankakuwa, ndipo bambo ankangofunsa, "Chachitika n'chiyani?" Poyamba adzukulu ankawayankha. Kenaka anayamba kuwauza kuti, "Agogo, dikirani ithe." Filimu isanafike pakati, ndinawaona akupapasa khoma, wayilesi yawo ili m'khwapa, kutuluka kupita pakhonde okha.

Ndinawatsatira? Ayi. Ndinati ndipita ikatha. Itatha ndinapeza atagona pampando, wayilesi ikungosokosera.

M'mawa mwake sanadandaule. Anangoti, "Chinthu chako n'chabwino, ana asangalala. Koma chili ndi tsankho." Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Mawu a akulu akoma akagonera. Bambo anamwalira mu 2006, ndipo m'zaka zitatu zimenezo sindinawasimbirenso filimu ngakhale imodzi. Nthawi zonse ndinkafika wotopa, ndinkabwerera mofulumira.

Lero m'misika yathu muli mafilimu a ku China, India ndi America amene anyamata amawaikira mawu a Chichewa pamwamba. Ena amawanyoza kuti amawonjeza zawo. Ine ndikadutsa pa kanyumba koonetsera, ndimaima panja, pomwe chithunzi sichioneka, ndi kutseka maso. Ena mwa anyamatawo ndimawatsatira bwinobwino kuyambira poyamba mpaka pothera, ndipo ndimadziwa kuti bambo akanawakonda. Ena amangokuwa kuti "Taonani! Taonani!" ngati kuti aliyense ali ndi maso.

Wayilesi ya Nzeru ija ndili nayo, ngakhale inasiya kulira kalekale. Mwana wanga wamkazi anandifunsa tsiku lina kuti ndimaisungiranji. Magetsi anali atazima, foni yake itatha moto. Ndinamuuza kuti atenge zikho ziwiri kukhitchini, akhale pansi, ndipo asayatse kandulo.