Ku Cape Maclear pa Galimoto Yokalamba

Msewu wochokera pa Masasa, kummwera pang'ono kwa boma la Dedza, wotsikira ku Golomoti, ndiwo umene ambiri amautcha Khwekhwerere. Ndi msewu wa tala, wokongola ndithu, koma wokhotakhota ngati njoka yothaŵa moto wa lupsa. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Nyanja ya Malaŵi ili pa mamita osakwana 500. Tsono munthu wopita kunyanja kudzera njira imeneyi amatsika mamita oposa 1,000, ndipo gawo lalikulu la kutsikako lili pa Khwekhwerere pomwepo. Galimoto imene mwini wake saisamala kunyumba imatha kubisa matenda ake pa msewu wosalala, koma ikafika pamenepa imaulula zonse.

Mu Okutobala 2025 padakwana zaka 150 chifikire amishoni oyamba a Livingstonia ku Cape Maclear. Mpingo wathu, umene uli kufupi ndi Nkhoma, udapangana kuti akulu a mpingo anayi, amayi a Chigwirizano aŵiri ndi anyamata aŵiri tipite kukaona malowo, kuti tidzasimbire anzathu pobwera. Ndalama zogulira mafuta adasonkha ndi Akhristu, ena atagulitsa nkhuku, ena ndoŵa ya mtedza. Mukumbukira, aŵerengi, kuti mu Novembala 2023 mphamvu ya Kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mu 2024 tidaona mizere italiitali ya magalimoto pa malo omwetsera mafuta. Mafuta athu amachokera kutali, kudzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Motero lita iliyonse ya pa ulendowu inali thukuta la munthu wina, ndipo tidayenera kudzafotokoza za iyo pamaso pa mpingo.

Galimoto imene tidakwera ndi ya mmodzi wa akulu anzathu, amene adaigula kwa munthu wina itagwira kale ntchito zaka zambiri. Ndi Toyota Land Cruiser ya mtundu wa 80, umene unkapangidwa ku Japan kuyambira 1990 mpaka 1997. Injini yake ndi ya dizilo, yotchedwa 1HZ, ya masilinda 6 ndi malita 4.2. Imalemera matani oposa 2 isanasenze kanthu, ndipo thanki yake imaloŵa malita oposa 90. Kwathu kuno yanyamula odwala usiku, yanyamula maliro, yanyamula akwati, ndipo m'dzinja imafika kumene zing'onozing'ono zimabwerera panjira.

Ulendo uyambira pabwalo

Loŵeruka lake lisanafike tsiku lonyamuka, tidasonkhana pansi pa mtengo wa mango kunyumba kwa mwini galimoto. Iwo adatulutsa kope lakale la ana a sukulu, m'mene amalembamo tsiku, makilomita ndi ntchito iliyonse imene yachitika pa galimotoyo. Kopelo lidasonyeza kuti makilomita 5,000 anali atatsala pang'ono kukwana chisinthire oyilo. Tsono adaliza injini kanthaŵi kuti oyilo afunde, nazimitsa, namasula bawuti ya pansi, oyilo wakuda bii nkutsanukira m'beseni. Adasintha ndi sefa yake yomwe, pakuti kuthira oyilo watsopano pa sefa yakale kuli ngati kutunga madzi abwino ndi mtsuko wosatsuka. Oyilo wothayo adamthira m'chigubu chotseka bwino, chifukwa akataikira pansi amaloŵerera mpaka kukaipitsa madzi a m'chitsime.

Mnyamata wina adafuna kukwaŵira pansi pa galimoto itakwezedwa ndi jeke. Akuluwo adamgwira mwendo nati, "Iai, mwanawe. Jeke ndi yokwezera chabe, si yogonera pansi pake. Yamba waika zipika zolimba, utchinge ndi magudumu omwe." Atachita zimenezo, adamlangiza timibulu tonse topoperamo girisi, iye namapopa kamodzikamodzi.

Pambuyo pake adatsegula sefa ya mpweya, imene nyengo ino ya fumbi imadzaza msanga. Injini ya dizilo ikasoŵa mpweya imatulutsa utsi wakuda, ndipo utsi umenewo ndi mafuta amene sadapse bwino, ndiko kunena kuti ndalama zouluka. Adamasulanso kampopi ka pansi pa sefa ya mafuta kuti madzi odikha m'menemo atuluke, popeza madzi amadyetsa dzimbiri pampu ya dizilo. Adapapasa mapaipi a mphira a ladiyeta, ndiye thanki ya madzi oziziritsa injini, napeza imodzi itafeŵa ndi ukalamba, naisintha pomwepo. Adadinikiza malamba a fani ndi chala kuti aone kulimba kwake, natsuka mitu ya batire ndi madzi ofunda a soda.

Matayala adaŵapima ali ozizira, ndi lapadera lomwe. Apa anyamata adaphunzira chinthu chimene ngakhale ena a ife sitinkachidziŵa bwino: pambali pa tayala pali manambala anayi onena za kubadwa kwake. Mukaona 2319, ndiye kuti lidapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala limakalamba ngakhale mano ake akadalipo, ndipo ming'alu ing'onoing'ono ya m'mbali ndiyo imvi zake. Potsiriza adatsitsa chitsulo chosenzera katundu cha padenga, nachotsa matumba ndi zitsulo zimene zidangokhalira kumbuyo. Tidatenga masipanala, lamba wapadera, pampu, chingwe, ndi chigubu cha madzi.

Kudutsa pa Dedza

Tidanyamuka kusanache, titapemphera. Pa Kamphata tidaloŵa mu msewu waukulu wa M1 kuloza kummwera, ndipo pa malo oyamba omwetsera mafuta tidadzaza thanki mpaka pakamwa, nkulemba makilomita m'kope muja. Tidadutsa pa Linthipe dzuŵa likutuluka. Mapiri a Chongoni adaonekera, kumene kuli sukulu ya Sinodi yathu yophunzitsira atsogoleri a mpingo ya Namoni Katengeza, ndiponso mapanga a zojambula za makolo akale amene bungwe la UNESCO lidaŵaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006.

Mwini galimoto, amene ankayendetsa, sadapitirire makilomita 80 pa ola, ndipo mabasi ang'onoang'ono ankatipitirira akuliza hutala. Mnyamata wina adalephera kupirira, nafunsa kuti, "Kodi Bambo, galimoto yamphamvu chotere, bwanji tikuyenda ngati ngolo?" Iwo adaseka nati, "Kuthamanga si kufika." Koma nkhaniyi ili ndi masamu ake, amene mwana wa Sitandade 8 angaŵamvetse. Galimoto ngati iyi ndi yaitali ndi yotambalala ngati khoma, ndipo poyenda imakankha mphepo. Liŵiro likachuluka kaŵiri, mphamvu ya mphepo yoikaniza imachuluka kanayi. Wochoka pa 80 kufika pa 120 amalimbana ndi mphepo yoposa kaŵiri, ndipo amalipira ndi mafuta. Tayala losakhuta mpweya, katundu wosafunika, kuponda moto mwadzidzidzi, ndi kusiya injini ikulira pamene mwaima kucheza, zonsezi ndi mbala zazing'ono zimene zimaba tsiku ndi tsiku.

Pa Khwekhwerere

Titapitirira boma la Dedza, phiri lake lili kumanzere, tidafika pa Masasa nkukhotera kuvuma. Posachedwa dziko lidatseguka patsogolo pathu. Kunsi kutali kudaoneka chigwa chachikulu chotuŵa ndi nkhungu ya kutentha, ndipo amayi adangoti kakasi. M'mbali mwa msewu amisiri osema adayala timagalimoto, tinjinga ndi tindege ta mtengo, tosemedwa mwaluso mpaka zitseko zotseguka.

Tisanayambe kutsika kwenikweni, woyendetsa adaloŵetsa giya yachiŵiri, ndipo injini idayamba kung'ung'udza. Lamulo lakale la madalaivala nlakuti giya imene mukadakwerera phiri ndiyo yotsikiranso. Chifukwa chake nchakuti mabuleki amaimitsa galimoto posandutsa liŵiro kukhala kutentha. Mukaŵaponda osalekeza pamtsetse wautali amapsa, ndipo madzi a mabuleki, amene amayamwa chinyezi akamakalamba, amatha kuŵira. Akaŵira, phazi limangoloŵa mpaka pansi galimoto osaima. Nchifukwa chake madzi ameneŵa amayenera kusinthidwa zaka ziŵiri zilizonse. Alipo ena amene amachotsa giya pamtsetse poti apulumutse mafuta. Ameneŵa amagulitsa miyoyo ya anthu pa mtengo wa sipuni imodzi ya dizilo, pakuti injini yotsika phiri ili m'giya, phazi litachoka pa moto, imamwa pang'ono kwambiri.

Pa khona lina tidapeza kagalimoto ka katundu kokwera kataima, nthunzi ikufuka kutsogolo. Mnyamata woyendetsa anali atakulunga kansanza kudzanja kuti atsegule chivundikiro cha ladiyeta. Akulu athu adafuula ali pa zenera, "Achimwene, lekani! Mupsa nkhope!" Madzi otsekeredwa m'menemo amatentha kupitirira madigiri 100 osaŵira, ndipo chivundikiro chikachoka amatumphuka nthaŵi yomweyo. Tidadikira naye mpaka injini itazizira. Vuto linali lamba wa fani wolefuka, ndipo sipanala imodzi idathetsa mlandu. Tidamgaŵira madzi a m'chigubu chathu, iye nathokoza ndi manja aŵiri.

Pa Golomoti tidaoloka njanji ndi msewu wa M5 wochokera ku Salima, nkuloŵa mu msewu wa ku Monkey Bay wodutsa m'chigwa cha Bwanje. Kuno ndi kwa malambe ndi migwalangwa, ndipo majuzi amene tidavala ku Dedza adasanduka katundu. Woyendetsa ankaponya diso kaŵirikaŵiri pa singano yosonyeza kutentha kwa injini, koma siidasunthe pamalo pake. Tisanafike pa Monkey Bay tidakhotera kumanzere, nkudutsa pakati pa mapiri a miyala, anyani atakhala m'mbali mwa njira, mpaka nyanja idangoti mbee patsogolo pathu pa mudzi wa Chembe.

Pa manda a amishoni

Dzina lakuti Cape Maclear adalipereka ndi David Livingstone pokumbukira bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Malowa tsopano ali m'nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa mu 1980. Zilumba za Thumbi ndi Domwe zili pafupi, ndipo m'miyala ya m'mphepete muli tinsomba ta mbuna ta maŵanga osiyanasiyana.

Tidaima pa manda, pansi pa mitengo, zipeŵa zili m'manja. Kuno kudafika Edward Young, Dr Robert Laws ndi anzawo mu Okutobala 1875. Kuno kudamwalira Dr William Black mu 1877, ndiponso chaka chomwecho Shadrach Ngunana, mlaliki wochokera ku Lovedale ku South Africa. Kuno adabatizidwa Albert Namalambe mu 1881, chipatso choyamba cha ntchitoyo. Malungo atavuta, mishoni idasamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka ku Khondowe mu 1894. Ife a Nkhoma tili ndi gawo m'mbiri imeneyi, pakuti Mbusa A.C. Murray adayamba wakhala ndi amishoni a Livingstonia asanatsegule Mvera mu 1889 pamodzi ndi Mbusa T.C.B. Vlok.

Anthu ameneŵa adabwera pa sitima yaing'ono ya nthunzi yotchedwa Ilala, imene idapangidwa m'zigawozigawo zolumikiza ndi mabawuti. Atafika pa mathithi a mtsinje wa Shire adaimasula yonse, amtengatenga mazanamazana nasenza zitsulozo pamutu kulambalala mathithiwo, ndipo kumtunda adailumikizanso. Kunalibe galaja, kunalibe sitolo ya zipangizo. Uthenga Wabwino udafika pa nyanja ino chifukwa panali anthu odziŵa kulalika, komanso anthu odziŵa kugwira sipanala ndi kusunga bawuti iliyonse.

Masamu a ulendo

Tidagona komweko, ndipo m'maŵa mwake tidalaŵira kuti tikwere Khwekhwerere dzuŵa lisanakule. Titafika pa malo aja tidamwetsera, tidadzazanso thanki mpaka pakamwa. Kope lidasonyeza kuti tidayenda makilomita 420, ndipo padaloŵa malita 52. Mukagaŵa mupeza makilomita 8 pa lita imodzi. Galimoto yomweyo ikadapereka makilomita 6 okha pa lita, ikadamwa malita 70. Mpingo udatipatsa ndalama za malita 60, tsono zotsalazo tidazibweza kwa msungichuma pamaso pa onse. Njira imeneyi yoyesera mafuta aliyense angaichite, ndipo chiŵerengero chikayamba kutsika popanda chifukwa, dziŵani kuti galimoto ikudwala ngakhale isanabuule.

Sitikunena kuti zonse nzochitira pabwalo. Ubwino wa injini yakale ngati iyi ngwakuti siyendera kompyuta, koma pampu ya dizilo, timipopi tothira mafuta m'masilinda, ndi lamba wa m'kati woyendetsa mavavu, amene amasinthidwa pa makilomita olembedwa m'buku la galimotoyo, nzofuna makaniko wophunzira. Safunsa adadya phula. Sitikunenanso kuti galimoto yaikulu nja ulendo uliwonse. Ngakhale muisamale chotani, idzamwabe koposa yaing'ono. Isungeni kuti igwire ntchito zoyenera msinkhu wake, monga matope, katundu ndi odwala. Kokagula mchere pa msika njinga ikwanira.

Inu makolo amene Mulungu adakudalitsani ndi galimoto, njinga yamoto kapena chigayo, gulani kope, muzilembamo, ndipo pa tsiku lokonza muziitana ana anu, aamuna ndi aakazi omwe, kuti agwireko sipanala. Inu achinyamata, musachite manyazi ndi manja akuda ndi oyilo. Ŵerengani Luka 16:10 pa mapemphero a banja sabata ino, kenaka Loŵeruka m'maŵa mukapime matayala.