Mayina asanu ndi awiri, fayilo imodzi

Mayi mmodzi amatha kuitanidwa katatu: dzina lomwe anamupatsa ali khanda, la mfunda ngati Nabanda, ndiye lija loti "amake uje". Akadwala, sitinena kuti adwala anthu atatu. Hard link ndi zomwezo basi.

Pa Linux, dzina la fayilo ndi chikwangwani chabe. Fayilo yeniyeni ndi inode, ndipo m'menemo ndi momwe mumalembedwa mwini wake, gulu lake, zilolezo ndi nthawi yomwe inasinthidwa komaliza. Pulogalamu ya rsync, yomwe Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras anatulutsa mu 1996, imapezerapo mwayi pamenepa. Ukaiuza kuti --link-dest, imayang'ana backup ya dzulo. Fayilo yomwe sinasinthe siikoperanso, imangoipatsa dzina lina mu foda ya lero. Masiku 7 a backup amadya malo ongopitirira pang'ono a tsiku limodzi.

Ine ndimasunga choncho nkhani zanga zosamaliza ndi zithunzi za agogo, zomwe sizingajambulidwenso. Ndiye disiki itadzadza pasanathe sabata, mtima unagunda. Ndinalemba ls -li pa chithunzi chimodzi m'mafoda awiri. Manambala a inode anali osiyana, ndipo chiwerengero cha ma link chinali 1. Kutanthauza kuti usiku uliwonse rsync imakopera zonse kuyambira pachiyambi.

Chifukwa chake chinali umwini. Kuti rsync ilumikize fayilo, imafuna zonse zomwe waiuza kusunga zifanane. Ngati disiki ya pa netiweki ikusandutsa root kukhala munthu wamba, kapena pa Mac mwachonga "Ignore ownership on this volume", mwini wa fayilo ya dzulo sagwirizana ndi wa lero. Zamkati zili chimodzimodzi, koma rsync imati ayi, uyu ndi mlendo. Yanga inali ya pa netiweki ija. Nditachotsa -a n'kuika -rlt, kuti isiye kufunsa za mwini, manambala anayamba kufanana.

Musanathamangire komweko anzanga, onani izi kaye. Flash ya FAT32 kapena exFAT siidziwa hard link ngakhale pang'ono. Makompyuta awiri akhoza kukhala ndi dzina limodzi la munthu koma manambala a UID osiyana, ndiye --numeric-ids imathandiza. Ndipo kuyambira Linux 3.6 mu 2012 pali protected_hardlinks, yomwe ikayatsidwa imakaniza munthu wamba kulumikiza fayilo ya mwini wake yomwe alibe chilolezo choiwerenga ndi kuilemba.

Koma chomwe chimandisowetsa tulo ndi mbali inayo. Ukapanga chown pa fayilo ya mu foda ya Lolemba, wasinthanso ya Lachiwiri mpaka Lamulungu, poti inode ndi imodzi. Njira yakale ya cp -al, yomwe Mike Rubel anatchukitsa, inali ndi vuto lomweli: mwini watsopano amalowa mpaka m'mbiri yakale. Disiki ikaola pamalo pomwe pagona chithunzi cha agogo, masiku onse 7 apita limodzi.

Ndiye mafoda ambiri asakupusitseni. Gulani disiki yachiwiri, muzikaisiya kunyumba ina, ndipo kamodzi pamwezi mutsegule fayilo imodzi yakale muone ngati ikutsegukadi.