Kimono Pakati pa Nyanja

Pali sitima zina zikuluzikulu za pa nyanja yamchere zimene ntchito yake si kunyamula katundu kapena kuolotsa anthu ofulumira kukafika kwao, koma kungoyenda ndi anthu ofuna kupumula ndi kuona maiko. Sitima zoterezi zili ngati mahotela oyandama, pakuti muli zipinda zogona, zodyera, malo ovinira, ngakhale kachipatala komwe. Imodzi mwa izo ndi Asuka II ya ku Japan, imene doko lake lili ku Yokohama. Inamangidwa ku Nagasaki m'chaka cha 1990, ndipo dzina limeneli inalandira mu 2006. Pa ulendo wautali wa sitima zotere pamakhala masiku ena amene aulendo amapemphedwa kufika ku chakudya chamadzulo atavala zaulemu: abambo suti yakuda ndi tayi wonga gulugufe, amayi madiresi aatali okhudza pansi. Komatu lamulolo limasiya khomo lina lotsekuka. Munthu akhoza kubwera atavala chovala chaulemu cha mtundu wake. Motero bambo wa ku Scotland amatulukira ndi siketi yake ija yachimuna, mayi wa ku India ndi sari, ndipo a ku Japan ndi kimono.

Ine sitima imene ndimaidziwa ndi Ilala, ndipo pa Ilala palibe amene amafunsa za tayi. Komabe nkhani ya kimono imeneyi yakhala ikundizungulira m'mutu, makamaka chifukwa cha mau amene ndawamva kawirikawiri pamene anthu akukamba za zovala za makolo. Amati kulola munthu kuvala zakwao ndiko kumufewetsera lamulo, monga mmene timamulekerera mwana kudya ndi dzanja lamanzere akadali wamng'ono. Ine ndikuona kuti maganizo amenewa ndi olakwika. Amene wasankha kimono wadzisenzetsa katundu wolemera kuposa amene wasankha suti.

Taganizani za chovalacho. Liu loti kimono limangotanthauza chinthu chovala. Chimasokedwa kuchokera ku mpukutu umodzi wa nsalu, kawirikawiri ya silika, wotalika pafupifupi mamita 12 koma wopapatiza, masentimita 36 kapena kupitirirapo pang'ono. Telala amaudula m'zidutswa zisanu ndi zitatu, zonse zoongoka, osakhota lumo potsata chiuno kapena phewa la munthu monga achitira posoka diresi. Chifukwa chake palibe nsalu imene imatayika. Kale amayi ankati chovala chikada, amamasula misoko yonse, kuchapa zidutswazo, kuziyanika pa matabwa, kenaka kuzisokanso. Ndiponso chifukwa chake kimono ya agogo ikhoza kusokedwanso kuti imukwane mdzukulu. Ilibe mabatani kapena zipi. Chimene chimaigwira pathupi ndi timizere tansalu tomanga m'kati, ndipo pamwamba pake lamba wamkulu wotchedwa obi, amene pa chovala chaulemu amatalika kupitirira mamita 4, nazungulira mimba kawiri, namangidwa mfundo yaikulu kumsana.

Kumanga lamba ameneyu ndi luso lophunzira. Amayi ambiri a ku Japan masiku ano sangathe kudziveka okha. Amapita ku sukulu zophunzitsa kavalidwe, kapena amalipira katswiri wodzawaveka pa tsiku la ukwati. Tsono lingalirani mayi ali m'kachipinda kopanikiza ka m'sitima, pansi pakugwedezeka ndi mafunde, kalilole ali kutsogolo koma mfundo ikumangidwa kumbuyo kumene maso sakuona. Mwamuna wake wavala kale suti yake m'mphindi khumi, akungoyang'ana wotchi. Akatha kuvala, mayiyo ayenera kuyenda mapazi ang'onoang'ono, atavala sokosi zoyera zogawa chala chachikulu ndi nkhwaira zotchedwa zori. Pampando sangatsamire, pakuti mfundo ingaphwanyike. Potambasula dzanja kuti atenge mchere ayenera kugwira mkono wa chovala ndi dzanja linalo kuti usalowe m'msuzi. Ndipo silika sagwirizana ndi chinyezi cha pa nyanja, kotero kuti phwando likatha ayenera kuchipachika chovalacho kuti chipitidwe mphepo asanachipinde.

Pamwamba pa zonsezi pali malamulo a kimono yeniyeniyo, amene ndi okhwima kuposa a sitima. Mtsikana wosakwatiwa amavala furisode, ya manja aatali olendewera pafupifupi mpaka mu akakolo. Ndiyo imene atsikana amavala pa chikondwerero cha kukula msinkhu, Lolemba lachiwiri la mwezi wa January. Mayi wapabanja chovala chake chapamwamba ndi kurotomesode, yakuda, yokhala ndi maluwa kumunsi kokha, ndi zizindikiro zisanu za banja lake, zimene tingaziyerekeze ndi mfunda wathu utalembedwa pa nsalu. Imeneyi imavalidwa makamaka ndi amayi a mkwati ndi a mkwatibwi. Ku phwando la pa sitima ambiri amasankha ya pakati, homongi, yoyendera kwa anthu olemekezeka. Nyengo nayo ili ndi mau ake. Kuyambira October mpaka May amavala yokhala ndi nsalu ina m'kati, mu June ndi September yopanda ya m'katiyo, mu July ndi August yopyapyala. Maluwa olembedwa pansalupo nawonso amatsata nyengo. Apa sitima imabweretsa vuto limene makolo ao sanalione: munthu wanyamuka ku Yokohama kukuzizira, patapita sabata ali m'nyanja za kummwera kukutentha ngati ku Nsanje. Atsate kalendala kapena atsate thukuta? Ndimakonda funso limeneli, pakuti limasonyeza kuti mwambowu uli moyo ndipo eni ake akadaulingalirabe.

Pali zolakwa ziwiri zimene alendo amagweramo. Choyamba ndi kugula yukata m'sitolo za padoko ndi kuivala ku phwando. Yukata imafanana ndi kimono, koma ndi ya thonje, yovala potuluka kosamba, m'nyumba za alendo, kapena ku zikondwerero za m'nyengo yotentha. Kufika nayo pa tebulo la kaputeni kuli ngati kufika ku ukwati wa mwana wa mfumu ndi chitenje chogonera. Chachiwiri nchoopsa kuposa. Kimono imakulungidwa mbali ya kumanzere pamwamba pa ya kumanja. Kukulunga mosemphanitsa ndi mmene amavekera maliro. Mlendo angathe kulowa m'chipinda chodyera akumwetulira, osadziwa kuti wavala ngati mtembo. Sindikunena kuti mlendo asavale kimono. Anthu ambiri a ku Japan amakondwera akaona mlendo ataivala bwino. Koma ayambe wafunsa eni ake, monga achitira munthu wanzeru akafika m'mudzi wa eni.

Nanga zinatheka bwanji kuti chovala cha ulemu woterewu chizichita kupempherwa malo pa phwando la m'sitima ya dziko lake lomwe? Mu 1872 boma la mfumu Meiji linalamula kuti zovala za ku Ulaya ndizo zikhale za akuluakulu a boma pa miyambo ikuluikulu. Pang'ono ndi pang'ono suti inalanda maofesi ndi misewu, ndipo kimono inatsalira ku maukwati, ku maliro ndi ku zikondwerero. Komabe sinafe. Pamene mlembi Yasunari Kawabata ankalandira mphotho ya Nobel ku Stockholm mu 1968, anaima pamaso pa mfumu ya Sweden atavala kimono yakuda yachimuna, pakati pa anthu a masuti. Katswiri wa sayansi Tasuku Honjo anachita chimodzimodzi mu 2018. Palibe amene anati achepetsa mwambo.

Apa ndimakumbukira amayi anga. Anali ndi chitenje chimodzi ndi duku lake zimene zinkakhala pansi penipeni pa sutikesi, zongotuluka pa Pasaka, pa Khrisimasi ndi pa tsiku limene Ambuye Episkopi abwera kudzapereka Ulimbitso. Kuzisita kwake kunali kwa usiku wathunthu ndi simbi ya makala, ndipo pomanga dukulo ankaitana mnzao wa nyumba yoyandikana kuti awaonere kumbuyo. Ife anyamata tinakula tikuganiza kuti ulemu ndi jekete, ndipo mpaka lero mudzationa mu October tikukhetsa thukuta m'tchalitchi ndi tayi pakhosi. Sindikunyoza jekete, inenso ndili nayo. Ndikungoti pakati pa amayi aja ndi ine, amene ankafika pamaso pa guwa atakonzeka koposa anali iwo.

Wina adzati: zonsezi ndi nkhani za anthu olemera. Kimono ya silika ndi yokwera mtengo, ulendo wa pa sitima zotere nawonso, ndipo Yakobo Woyera m'mutu wachiwiri wa kalata yake anadzudzula mpingo umene umapatsa mpando wabwino munthu wa zovala zonyezimira ndi kukhazika wosauka pansi. Mau amenewo ndi oona, ndipo parishi imene iyamba kuyeza akhristu ake ndi nsalu yadwala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komabe Ambuye omwewo anaphera fanizo la phwando la ukwati, mmene onse a m'misewu anaitanidwa, koma mmodzi anatulutsidwa chifukwa sanavale za ukwati. Sindikhulupirira kuti mlandu wake unali umphawi, pakuti anzake onse anatoledwa m'misewu momwemo. Iye sanavutike nako kukonzekera mwini phwando.

Kimono zoyamba kuoloka nyanja kukafika pamaso pa Papa zinanyamulidwa ndi anyamata anayi achikhristu. Mu February 1582, Bambo Alessandro Valignano wa chipani cha Ajezuiti ananyamuka nao ku Nagasaki m'dzina la mafumu atatu achikhristu a pa chilumba cha Kyushu. Maina ao anali Mancio Ito, Miguel Chijiwa, Martinho Hara ndi Julian Nakaura, onse a zaka pafupifupi 13 kapena 14. Yao sinali sitima yopumuliramo. Inali ya matanga, yodalira mphepo, ndipo anafika ku Lisbon mu August 1584. Masiku wamba ankavala za ku Ulaya, koma pokaonekera kwa akuluakulu ankatsekula mabokosi natulutsa zakwao. Ku Madrid mfumu Philip II inachita chidwi, nikhudza nsaluzo ndi kupenyetsetsa malupanga ndi nkhwaira zao. Ku Rome, pa 23 March 1585, atatu anayenda pa mdipiti waukulu kupita kwa Papa Gregory XIII atavala silika wolembedwa mbalame ndi maluwa. Julian anali ndi malungo, ndipo Papa anamulandira payekha. Nkhalambayo inawakumbatira, ndipo pasanathe milungu itatu inamwalira.

Pobwerera ananyamuka ku Lisbon mu 1586, ndipo mphepo itawathera anakhala miyezi yambiri pa chilumba cha Mozambique, kuno kwathu kummawa, kudikira nyengo yoolokera ku Goa. Anafika ku Nagasaki mu July 1590, atayenda zaka zisanu ndi zitatu, napeza kuti wolamulira dziko, Toyotomi Hideyoshi, anali atalamula kale mu 1587 kuti amishoni achoke. Chodabwitsa nchakuti pokaonekera kwa iye ku Kyoto mu 1591 anavala zovala za ku Ulaya, namuimbira nyimbo ndi zoimbira za ku Ulaya. Ku Rome anaonetsa Japan, ku Kyoto anaonetsa Rome. Chaka chomwecho onse anayi analowa chipani cha Ajezuiti. Miguel pambuyo pake anatuluka. Atatu enawo anadzozedwa unsembe mu 1608. Mancio anamwalira ku Nagasaki mu 1612. Martinho anapirikitsidwa pamene Chikhristu chinaletsedwa mu 1614, nakafera ku Macau mu 1629.

Julian anatsala. Kwa zaka zambiri anayenda mobisala, makamaka usiku, kukachita Misa ndi kumva kulapa kwa akhristu obisala, atavala ngati munthu wamba wa dziko lake kuti asazindikirike. Kimono imene paunyamata inali yomuonetsera pamaso pa Papa, tsopano inali yomubisa. Anagwidwa, ndipo mu October 1633 anapachikidwa chadodolido m'dzenje pa phiri la Nishizaka ku Nagasaki, pamalo pamene Paul Miki ndi anzake 25 anapachikidwa pa mitanda mu 1597. Anamwalira pa tsiku lachinayi. Eklezia inamutcha Wodala pa 24 November 2008, pamodzi ndi amaritiri ena 187.

Sitima zazikulu zija zikafika ku Nagasaki zimaima pa doko la Matsugae. Kuchokera pamenepo munthu amayenda pansi kanthawi kochepa chabe kukwera ku tchalitchi cha Oura, kumene mu March 1865 kagulu ka alimi a ku Urakami kanadziulula kwa Bambo Bernard Petitjean kuti ndi akhristu, makolo ao atasunga chikhulupiriro zaka zoposa 200 popanda wansembe. Aulendo amatsika mmawa atavala mathalauzi ndi nsapato zoyendera, makamera ali m'manja, ena kupita ku Oura, ena kukwera basi kupita ku Nishizaka. Kimono za dzulo zimatsala m'zipinda zitapachikidwa, manja ali otambasuka, kudikira kuti ziume ndi kupindidwa potsata misoko yake m'mapepala ake.