Ng'oma ya manganje papepala la ku London

Inu amene mumandifunsa kuti zoimba zikuyenda bwanji kuno ku London, khalani pansi ndikuuzeni chimene chandisowetsa tulo sabata ino.

Mkati mwa sabata ndimasamalira okalamba, Loweruka n'kumaomba ng'oma m'kagulu ka anthu anayi: ine, mnyamata wa ku Senegal woimba kora, mayi wa ku Colombia wa gitala ya besi, ndi mzungu wakonkuno amene amalumikiza zonse pa kompyuta. Kusakaniza kotere si kwachilendo kuno. Esau Mwamwaya anakumana ndi anyamata a Radioclit, wina wa ku Sweden wina wa ku France, iye akugulitsa katundu wakale m'kashopu kum'mawa kwa London, gulu la The Very Best n'kubadwa. M'chimbale chawo cha 2009, Warm Heart of Africa, muli M.I.A. ndi Ezra Koenig wa Vampire Weekend, koma Esau Chichewa sanachitaye. Mu 2016 anajambulanso ndi Mumford & Sons ndi Baaba Maal. Ndiye ine polowa m'kaguluka ndinkati njira anzathu analambula kale.

Za nthawi ndinazolowera msanga. Chipinda choyeserera timalipira pa ola; ukachedwa sakukalipira, amangokuyang'ana. Ku Liwonde tinkayeserera pakhonde mpaka magetsi azime kapena nsima ipse.

Chandivuta ndi pepala. Titangomaliza nyimbo yathu yoyamba, mzungu uja anatulutsa pepala loti tilembe gawo la aliyense, tikalembetse ku PRS, bungwe lotolera ndalama za opeka nyimbo. Kenako anandifunsa kuti kaombedwe kanga anapeka ndani. Abale, ndi manganje! Ndinayamba kuomba ndili kamwana, tikulandira anyamata ochokera ku ndagala, fumbi lili koboo. Ndilembe dzina la ndani? Mnzanga wa ku Senegal sanavutike n'komwe. Kwawo kora ndi ya mabanja, amatchula bambo ake, agogo ake, mpaka kumtunda. Ine ndinangoti kukamwa yasa. Iwo akuti lemba lako, ukapanda kutero gawolo ligawidwa kwa enafe, ndipo kumudzi kwanu sikufika ngakhale tambala.

Musaganize kuti ndikutamanda zakwathu. COSOMA, yomwe ili ngati PRS ya kwathu, ilipo kuyambira 1992, koma ndi oomba ng'oma angati amene mayina awo analembedwa penapake? Ine ndemwe ndinaombapo m'situdiyo ina ku Blantyre, n'kupatsidwa ya sopo ndi ya minibasi. Nyimboyo inalira m'maukwati zaka zingapo, mwini wake n'kumandipatsa moni wa patali. Timati ndi ubale, munthu sungafunse pepala kwa mbale wako. Pa ubale wotero wosauka amakhala woomba ng'oma nthawi zonse. Pepala la kuno ndi louma, inde, koma limakufunsa usanatuluke pakhomo, pamaso pa onse.

Chokhacho, pepalalo lilibe mzere wa mudzi. Lili ndi malo a dzina, siginecha ndi maperesenti basi.

Ndinasaina, 25 pa 100, mofanana ndi anzanga. Mayi wa ku Colombia anandisisita paphewa, akuti nayenso cumbia ya kwawo inamuvutitsapo chimodzimodzi. Pepala lili m'chikwama changa cha kuntchito. Amalume amene anandisemera ng'oma yoyamba ndinawaimbira Lamulungu, tinacheza za mvula ndi mtengo wa feteleza, koma za pepalali sindinawauzebe.