Ulendo wa pa Zambezi: Kuchokera ku Cahora Bassa Kufikira ku Marromeu

Ambiri a inu amene muwerenga nyuzi ino munaolokapo Zambezi pa Tete popita ku Halale kapena ku Joni, ndipo mudziwa kutentha kwa malo aja, kumene munthu achita thukuta ngakhale ali khale pamthunzi. Koma ndi owerengeka amene anapatukapo kukaona kumene madzi aja achokera ndi kumene apita. Ine ndinayenda ulendo umenewo m'mwezi wa October, ndipo ndifuna kukusimbirani, abale anga, za khoma lalikulu la Cahora Bassa ndi zimene lachita kwa anthu, nsomba ndi nthaka ya kunsi kwake.

Chodabwitsa choyamba ndinachiona pa Tete pomwepo, nditaima pa mlatho wa Samora Machel. October ndiye mwezi umene mitsinje ya kwathu imaphwa, ana namasewera pamchenga pamene panali madzi; koma Zambezi anali wodzala ndithu, madzi ake oyera mobiriwira, opanda matope. Agogo ena opalasa bwato, amene tinamvana nao bwino pakuti Chinyungwe sichitalikirana kwambiri ndi chinenero chathu, anandiuza kuti pa unyamata wao mtsinje sunali wotero. M'malimwe unkachepa nusiya zisumbu za mchenga, ndipo pofika February ndi March unkabwera wofiira ndi matope, utasenza mitengo ya ku maiko akutali. Ndinawafunsa kuti, kodi agogo, si bwino tsopano popeza mtsinje wafatsa? Iwo anangoseka, nati ndipite kunsi ndikafunse eni madimba.

Kuchokera ku Tete kufika ku Songo ndi mailosi ngati 90. Mseu upatuka pa Matambo nudutsa dziko la milambe, masau ndi mbuzi, kenaka ukwera phiri mokhotakhota kufikira munthu amva kamphepo kozizira ngati ka ku Dedza. Pansi pa phirilo mtsinje upita pa mpata wopapatiza wa miyala. Pamenepa ndi pamene David Livingstone anagonja mu 1858, pamene sitima yake Ma Robert inalephera kukwera mathithi. Ndipo atabwerera analowa mu Shire, nafika ku Nyanja yathu mu 1859. Tinganene kuti miyala ya ku Cahora Bassa ndiyo inam'lozera njira ya kwathu.

Apwitikizi anayamba kumanga khomali mu 1969, natseka zipata zake mu December 1974, patangotsala miyezi yowerengeka kuti Mozambique alandire ufulu. Msinkhu wake ndi mapazi ngati 560. Munthu ukaima pamwamba pake nusuzumira pansi, mawondo amachita nthenthe. Makina asanu opukusa magetsi ali m'phanga lalikulu limene anakumba m'kati mwa phiri, ndipo onse pamodzi atha kutulutsa mamegawati 2,075. Nthambo zake ziyenda mailosi oposa 850 kukafika ku Apollo, pafupi ndi Johannesburg; chotero ena a magetsi amene mumaona ku Joni ndiwo mvula imene inagwa ku Luangwa ndi ku Barotse. Pomanga, eni ntchito analonjeza zambiri: magetsi, minda yothirira, sitima zoyenda pamtsinje, ndiponso kuti zigumula zimene zinkasautsa anthu a kunsi, monga za 1952 ndi 1958, zidzatha.

Kumtunda kwa khoma kunabadwa nyanja yotalika mailosi ngati 150, yolekezera ku Zumbo, pa malire ndi Zambia ndi Zimbabwe. Pansi pake pali minda, manda ndi midzi, pamodzi ndi Chicoa wakale. Anthu oposa 25,000 anasamutsidwa, ambiri naikidwa m'midzi ya mpanda imene Apwitikizi anaitcha aldeamentos, pakuti inali nthawi ya nkhondo ndi Frelimo. Anachoka pa nthaka yachonde ya m'mbali mwa mtsinje nakhala pa mtunda wamiyala wosowa madzi. Zotere zinachitikanso ku Kariba, kumene Atonga ngati 57,000 anachotsedwa m'chigwa chao khoma lisanatsekedwe mu 1958. Sindinganame kuti nyanjayi yangobweretsa zoipa zokhazokha. Kapenta, amene anatengedwa ku Tanganyika naikidwa mu Kariba mu 1967, anatsika ndi madzi naswana muno, ndipo usiku nyali za asodzi zimaoneka ngati mzinda pamadzi. Nsomba zamchere za ku Chicoa zigulidwa kutali. Koma madzi odikha a m'magombe asunganso namasupuni, nkhono za likodzo ndi udzudzu.

Tsono pano ndipo pali phata la nkhani. Munthu wofuna magetsi afuna kuti nyanja ikhale yodzala masiku onse, kuti makina asaime. Munthu wofuna kuletsa chigumula afuna kuti nyanja ikhale ndi malo opanda kanthu, kuti madzi a mvula akabwera apeze pokhala. Ziri ngati nkhokwe: simungaisunge yodzala ndi chimanga chakale ndi kuyembekeza kuti chatsopano chilowemo. Chifukwa cha ichi oyang'anira khoma amakakamizika kutaya madzi mvula isanafike pachimake, kuti apeze malo. Ndipo madzi amenewo amafika kunsi pa nthawi imene mtsinje wakale unali wochepa. Mvula ikachuluka koposa, ndi Kariba naye akatsegula zipata zake, Cahora Bassa sangachitire mwina koma kutsegula zake. Ndiponso khoma silingagwire mvula yogwa kunsi kwake. Luia, Revubue, Luenha ndi Shire zonse zithira mu Zambezi kunsi kwa khoma, ndipo mu January 2022, pa namondwe Ana, Revubue yekha anagwetsa mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize.

Ku Moatize ndinakwera sitima ya pamtunda ya ku Beira nditsika pa Mutarara, pamene pali mlatho wa Dona Ana. Mlathowu unatsegulidwa mu 1935, utalika kuposa mailosi awiri, ndipo akulu a kwathu aukumbukira chifukwa ndiwo unalumikiza njanji ya ku Nyasaland ndi doko la Beira. Apa mtsinje watuluka m'mapiri a Lupata nutambalala pa chigwa chachikulu cha bango ndi zisumbu. Ndinakhala masiku atatu m'midzi ya Asena, ndipo zimene ndinamva kwa amai olima madimba ndi izi.

Kale munthu anali ndi minda iwiri. Wina unali pamtunda, wa mapira ndi mchewere, wodalira mvula. Wina unali m'dimba. Madzi osefukira ankabwera chaka ndi chaka pa nyengo yodziwika, nakhala pa chigwa masabata angapo, ndipo pobwerera ankasiya matope akuda onona. Anthu ankatsata madzi pambuyo, nabzala chimanga, nyemba, maungu ndi mbatata m'chinyezi chimenecho popanda feteleza. Chaka cha chilala pamtunda, dimba ndilo linkapulumutsa mudzi, pakuti madzi ake anali mvula ya maiko ena. Nsomba nazo zinkadziwa nyengo. Mphende ndi milamba zinkatuluka mumtsinje kukaswana m'udzu womizidwa, tiana take tinkakulira m'madzi osaya mmene mcheni sufika msanga, ndipo madzi pophwa zinkatsalira m'matamanda mmene ngakhale amai ndi ana ankagwira ndi mono ndi madengu.

Lero matope ambiri a kumtunda agona pansi pa nyanja ziwiri zija. Madzi otuluka pa khoma ndi oyera, ndipo madzi oyera ali ndi njala: amadya magombe, nakokolola zisumbu zimene anthu ankalimapo. Matamanda ambiri salandiranso madzi chaka ndi chaka, ndipo ena auma namera zitsamba. Mai wina anandionetsa pamene panali dimba lake la mbatata. Anati madzi anakwera usiku kuli dzuwa lokhalokha, kopanda ndi mtambo womwe, namiza zonse zitatsala pang'ono kukumbidwa. Chimene chinawawawa koposa si mbatata, koma kuti nzeru zimene anaphunzira kwa amai ao zakudziwa mtsinje sizigwiranso ntchito, popeza mtsinje tsopano umvera anthu okhala ku Songo.

Kodi zigumula zinatha monga analonjezera? Zazing'ono ndi zapakati, zimene zinkadyetsa dziko, ndizo zinachepa. Zazikulu zikalipo. Mu March 1978 zipata zonse za Cahora Bassa zinatsegulidwa, anthu 45 anafa, ndipo oposa 100,000 anasowa pokhala. Madzi anabweranso koopsa mu 2001, 2007 ndi 2008. Ndipo pali chinthu china chimene omanga sanachiganize bwino. Pamene madzi ankabwera chaka ndi chaka, anthu ankamanga nyumba pa zitunda, bwato liri pafupi, ndipo mwana aliyense ankadziwa kothawira. Zitapita zaka zambiri madzi osafika, ndiponso nthaka ya kumtunda itauma, anthu anatsikira m'chigwa kutsata chinyezi namanga pamene makolo ao sakanayesa kugona. Chotero chigumula chikabwera kamodzi pa zaka khumi chipeza midzi yathunthu pa njira yake. M'kuona kwanga, khoma linachotsa mantha koma linasiya ngozi.

Nkhaniyi ikhudzanso abale athu a ku Nsanje. Shire athira mu Zambezi kunsi kwa Mutarara, ndipo pali mfuleni wotchedwa Ziu Ziu umene umatenga madzi a Zambezi kupita nao ku Shire, nuzinga chisumbu cha Inhangoma. Zambezi akadzala, Shire asowa kothira nabwerera m'mbuyo m'dambo la Ndindi. Munthu wa kwa Nyachikadza angaone madzi pakhomo pake chifukwa cha zipata zotsegulidwa m'dziko lina.

Kuchokera ku Sena ndinapitirira ku Caia, kumene kuli mlatho wa galimoto wotsegulidwa mu 2009, ndi kukafika ku Marromeu, dziko la nzimbe, kumene Sena Sugar Estates inamanga mipanda ya dothi kalekale kuchinjiriza minda yake. Mipanda imeneyo, pamodzi ndi mitumbira ya njanji ndi miseu, inatseka makwalala amene madzi ankadzera polowa m'dambo. Choncho si khoma lokha limene liri ndi mlandu. Kum'mwera kwa tauni kuli dambo lalikulu losaoneka malekezero ake, kwao kwa njati. Zaka za m'ma 1970 njati za kuno zinali zikwi makumi angapo, koma nkhondo ya pachiweniweni pakutha mu 1992 zinatsala zikwi zowerengeka. Mfuti ndizo zinazipha, koma kuuma kwa dambo ndiko kunatsegulira alenje njira, pakuti kale madzi ankalitseka miyezi yambiri, munthu osatha kulowamo. Mtendere utabwera njati zachulukanso ndithu. Udzu wokha ndiwo ukusintha: pamene panali msipu wa m'madzi pakumera migwalangwa, mivumo ndi zitsamba, ndipo moto wa m'malimwe umalowa mpaka m'kati.

Sindinafike kunyanja ya mchere, koma asodzi ochokera kumeneko anandisimbira za mitengo ya m'matope a m'gombe, imene Apwitikizi amaitcha mangal. Mitengoyi ifuna matope atsopano ndi madzi a mtsinje osakaniza ndi a mchere, ndipo m'mizu yake ndimo mukulira camarão, tinyama ta makoko timene Mozambique amagulitsa kunja. Madzi aakulu a nyengo ya mvula ndiwo ankatikankhira kunyanja, ku Sofala Bank, kumene sitima zimatikola. Akatswiri anaona kuti chaka cha madzi ambiri pa nyengo yake camarão amachuluka, ndipo mtsinje ukayenda chimodzimodzi chaka chonse amachepa. Ndani akanaganiza kuti khoma la ku Songo lingachepetse ndiwo za m'nyanja ya Indian?

Nzeru yochepetsa mabvutowa iripo. Ku Zambia, pamene anamanga khoma la Itezhi-Tezhi pa Kafue m'ma 1970, anapangana kuti mwezi wa March uliwonse azitulutsa madzi owonjezera masabata anai, kuti madambo a Kafue, ng'ombe za Aila ndi nyama zam'dambo zisafe ludzu. Ngakhale panganolo silinasungidwe zaka zonse. Mu 1997 akatswiri ndi akulu a boma anasonkhana ku Songo kukambirana zofanana ndi zimenezi: kuti madzi amene amatayidwa pa nthawi yolakwika asungidwe, atulutsidwe mu February monga chigumula chaching'ono cholengezedwa pa wailesi, anthu atachenjezedwa. Chobvuta n'chakuti madzi opita pa zipata sapukusa makina, ndipo magetsi ali ndi wogula wodziwika, pamene mbatata za mai uja sizilembedwa m'buku la munthu aliyense. Kuyambira 2007 gawo lalikulu la khomali liri m'manja mwa boma la Mozambique, chotero mlandu uwu suweruzidwanso ku Lisbon.

Pakali pano maso a anthu ali pa Mphanda Nkuwa, malo a pakati pa Songo ndi Tete, mailosi ngati 40 kunsi kwa Cahora Bassa. Pamenepo afuna kumanga khoma lina la mamegawati 1,500, ndipo mu December 2023 boma linasainirana pangano ndi makampani a EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo. Likamangidwa lidzagwiranso matope a Luia, umodzi wa mitsinje imene ikali kubweretsa nthaka mu Zambezi kunsi kwa Cahora Bassa. Anthu a m'midzi ya kumeneko anauzidwa kale kuti adzasamuka, ndipo amene ndinacheza nao pa Tete anali kufunsa ngati malo atsopanowo adzakhala ndi dimba.