Ndere za ku Antarctica ndi Dzuwa Losalowa

Ambirife tikamva za Antarctica timangoganiza za kuzizira. Komatu kwa ndere zomera pamiyala ya kumeneko, mdani winanso ndi dzuwa. M'mwezi wa Disembala, m'madera ambiri a dzikoli dzuwa sililowa, ndipo chipale chimabweza kuwala ngati galasi. M'chaka cha 1985 akatswiri a British Antarctic Survey analengezanso kuti mpweya wa ozoni, umene umatchinga cheza choopsa cha dzuwa, unali utachepa pamwamba pa dzikoli. Mtengo wopereka mthunzi kulibe.

Ndere zimenezi ndi zamoyo ziwiri zokhalira limodzi: mtundu wina wa bowa, ndi tizomera tating'onoting'ono timene timapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala. Kuwala kukanyanya, tizomerati timapsa. Choncho bowa uja amatifungatira m'kati, iye n'kukhala pamwamba ngati denga, ndipo dengalo amalipaka utoto. Ndere ya Xanthoria elegans ili ndi utoto wonga lalanje lakupsa, wotchedwa parietin. Ya Buellia frigida njakuda bii chifukwa cha melanin, utoto wofanana ndi wa pakhungu lathuli. Utotowu umameza cheza choopsa, n'kulola kuwala kokwanira kudutsa.

Zikafika povuta, ndere imauma gwaa, n'kuimitsa ntchito zonse mpaka chinyezi chitabwera. M'chaka cha 2005 a European Space Agency anatumiza Xanthoria elegans kunja kwa dziko lapansi, komwe inakhala padzuwa pafupifupi masabata awiri, koma itabwerako inayambanso kupanga chakudya.

Ine ndagwira ntchito m'boma zaka 20, ndipo chimene chimandikhudza pankhaniyi ndi udindo wa bowa uja. Kukhala pamwamba kwake n'kupsa m'malo mwa mnzake. Ndaonapo mabwana amene akuluakulu akakalipa amapatuka msanga kuti moto ugwere kalaliki kapena mesenjala. Ndaonaponso ena, ochepa ndithu, amene amalandira okha motowo, n'kukalankhula ndi wolakwayo chitseko atatseka. M'maofesi a oterewa ndimo mafayilo amayenda.

Tisati bowayu ngwachifundo ayi. Iye satha kudzipangira chakudya, ndipo akalola tizomera tija kupsa, njala imupha. Lero ndili ndi achinyamata anayi amene ndimawayang'anira. Malipoti amene ndimasaina, akuluakulu n'kundiyamikira, amalemba ndi iwowo. Tsiku limene lipoti lidzalakwike, dzina loyamba kuitanidwa liyenera kudzakhala langa.